PA ZENERA LA KALALIKI: Mwana Sadziwa Shifiti

Abale anga a ku migodi: inu a ku mkuwa kuno ku Zambia, inu a ku malasha ku Moatize ndi ku Hwange, ndi inu amene muli kutali ku Joni. Masabata apitawa takhala tiri kukamba za ndarama, za kusunga ndi za ngongole, ndipo ena mwandiuza pa zenera kuti nkhani imeneyo yakwana, pakuti ndarama sizicuruka ndi kuzikamba. Cabwino, ndamva. Lero tikambe za anthu amene amadya ndaramazo asanadziwe ndi kuziwerenga komwe, ndiwo ana ang'ono, kuyambira wa m'cikuta kufikira wa zaka zisanu.

Akuru anati walira mvula walira matope. Tonsefe tinafuna ana, ndipo tsiku limene anabadwa tinayenda motukumuka ngati mgodi ngwathu. Koma panalibe wotiuza kuti m'nyumba mwalowa kapitao woposa akapitao onse. Kapitao wa ku nchito ali nayo nthawi yace yoweruka, ndipo ukamdandaulira bwino nthawi zina amamva. Uyu wa ku nyumba saweruka, sapita ku chuthi, ndipo ukamuuza kuti mawa ndiri ndi shifiti ya m'mawa amangokuyang'ana, nayambanso kulira. Mgodi umayendera koloko, mwana amayendera mimba yace, ndipo ziwirizi sizinapanganepo.

Ku mudzi bvuto limeneli silioneka kwambiri, cifukwa mwana wa ku mudzi ali ndi manja ambiri omlera. Amace akapita ku dimba amamsiya ndi agogo ace. Agogo akatopa pali mlezi, kamtsikana kamene kamayenda naye kumbuyo madzulo onse. Pali amai ace ang'ono, pali azakhali, ndipo akadwala atsibweni ndiwo amayamba kuthamanga atate wace asanamve nkomwe. Ndico cifukwa cace ife amuna tinakula osadziwa kanthu za makanda. Ine ku sukulu ya mishoni anandiphunzitsa kuwerenga, samu ndi kulima dimba la sukulu, koma kasambitsidwe ka mwana wa sabata imodzi, amene amaterera ngati mlamba, m'maphunziro munalibe. Tsono kuno ku komboni manja olera mwana ndi anai okha, a mai ndi a bambo, ndipo awiri mwa iwo amakwera basi ya shifiti. Anansi alipo, inde, ndipo ena ngokoma mtima, koma mnansi wa ku mgodi lero alipo, mawa kontrakiti yatha wasamuka. Mkazi amene unamtenga ku Katete kapena ku Dedza, kumene cibadwire sanadyepo nsima yekha, amatsala m'nyumba ya zipinda ziwiri ndi ana awiri, wopanda ndi womgwirira mwana yemwe. Kodi inu anzanga munayamba mwaganizapo kuti mkazi wanu amasamba nthawi yanji?

Kwanga kuli ana awiri. Wamkuru ndi mtsikana wa zaka zitatu ndi theka. Wamng'ono ndi mnyamata wa miyezi 10, ndiye amene timamucha Kapitao. Nchito yanga ya m'ofesi yolemba mashifiti imandipatsa usiku sabata imodzi mwa masabata atatu, cotero za kugona usana ndizidziwa monga muzidziwira inu a pansi. Ndimafika dzuwa litaturuka, m'maso muli ngati mwathiridwa mcenga, ndipo nthawi yomweyo ndiyo imene nyumba yonse yadzuka. Amai a ana amayesetsa. Amapacika bulangeti pa zenera, amaturutsa ana kukakhala nao pansi pa mtengo wa mango, nauza wamkuru kuti, "Cete, atate ako agona." Iye amamvera ndithu. Amabwera pa khomo monyang'ama, natsegula citseko pang'ono pang'ono, nafika pa khutu langa, nanong'ona ndi mau oti angadzutse ndi wakufa yemwe, "Atate, mwagona?" Ndikapanda kuyankha amanditsegula cikope ndi cala kuti aone ngati ndirimo.

Pamenepo munthu ucite ciani? Kumkalipira nkosatheka, pakuti iye sanalakwe. Kwa iye usana ndiyo nthawi yoti anthu akhale maso, ndipo atate amene sanawaone usiku wonse afika. Tinapeza njira iyi, imene ndikupatsani ulere: ndikafika sindithamangira ku bedi. Ndimayamba ndamwa nao tiyi, ndimnyamula Kapitao, wamkuru andionetsa cuma conse cimene anasonkhanitsa dzulo, zitsekerero za mabotolo ndi timiyala, ndipo likatha theka la ola iye wakhuta nane, wapita kukasewera. Ndikagona pamenepo ndimagona maola anai kapena asanu osadukiza. Mwana amene wamanidwa atate ace amabwera kudzawafuna kakhumi, koma amene wapatsidwako pang'ono amaiwala. Sindinena kuti njirayi imagwira masiku onse. Tsiku limene Kapitao ali ndi cimfine palibe nzeru imene imagwira.

Pano pali mau amene ndifuna kuti amveke ku migodi yonse. Munthu wosagona amapsa mtima msanga, ndipo kulira kwa khanda kumalowa m'mutu ngati makina obowola mwala. Ena akafika pamenepo amamgwira mwana m'mapewa namgwedeza kuti atonthole. Musacite cimeneci ngakhale kamodzi. Khosi la khanda nlofewa, mutu wace ngwolemera, ndipo kugwedeza kwa kamphindi kungathe kuononga ubongo wace, kumcititsa khungu, kapena kumupha kumene. Ngati mtima wafika pa khosi, mgonekeni cagada pa malo abwino, turukani panja, mupume, mubwerere mtima utatsika. Mwana safa ndi kulira kwa mphindi zisanu. Ena amampatsa kamowa pa supuni, kapena mapiritsi a cimfine a akuru, ati agone. Kumeneko si kugona ai, nkuledzera, ndipo ana ena sadzukanso. Ndi mbaula yomwe: m'miyezi ya June ndi July, pamene kuzizira kwafika, musagone nayo m'cipinda cotseka. Mpweya wa makala umene umapha suoneka, ulibe ndi pfungo lomwe, ndipo umayamba ndi wamng'ono.

Koma ndisakuopseni inu anyamata amene mukali kuganiza za kukwatira. Zokoma ziripo, ndipo zimabwera zosaodira. Mwezi wathawu Kapitao anaphunzira kuimirira atagwira mpando, ndipo tsopano akaimirira amayang'ana uku ndi uku kufuna omuombera m'manja, ngati munthu amene wakwezedwa pa nchito. Wamkuru naye wapeza sewero lace. Amabvala nsapato zanga, naika mbale pamutu ngati cisoti, nanyamula kathumba, nauza amace kuti, "Ndapita ku shifiti, musalire." Amazungulira nyumba kamodzi, nabwera ali wefuwefu, nadziponya pa mpando nati, "Ha, ndatopa ine! Madzi ali kuti?" Tsiku loyamba kumva zimenezo amai a ana anaseka mpaka misozi, ndipo ndikawafunsa kuti mwanayu ali kutsanzira yani sayankha.

Awiriwa sanayambe ndi cikondi ai. Pamene Kapitao anabadwa, wamkuru anamyang'ana masiku awiri, ndipo lacitatu anafunsa kuti, "Kodi amace a mwanayu abwera liti kudzamtenga?" Anayambanso kukodza pa mphasa, cimene anali atasiya kale, nalirira bere. Amai ena a pa mpopi anati mkwapuleni. Anamwino a ku sikelo anati ai, ndi nsanje cabe ya mwana wotsatidwa, mpatseni nchito. Tinamuika kukhala wobweretsa thewera ndi sopo, ndipo lero ndiye amalondera mlongo wace koposa ife. Mlendo akamnyamula, iye amaima pomwepo kufikira atambweza.

Cinenero naco ciri ndi nkhani yace. M'nyumba timalankhula cathu, koma kunja kwa mpanda ana onse amasewera m'Cibemba, cotero liu limene wamkuru analigwira koposa onse ndi "awe", ndiko kuti "ai". Samba: awe. Idya: awe. Gona: awe. Pamene apongozi anga anabwera kucokera ku mudzi caka catha, mdzukuru anawapempha "amenshi", agogo nangoti kakasi, osadziwa kuti mwana afuna madzi. Madzulo anafunsa mwana wao, mokweza pang'ono kuti ine ndimve ndiri kuseri, "Kodi mwanayu muli kulera wa eni?" Ine ndiganiza kuti palibe coopsa apa. Mutu wa mwana si thumba loti cinenero cimodzi cikalowa cina cituruke. Amanyamula ziwiri kapena zitatu popanda kulemedwa, monga anzathu a ku Joni amanyamulira cathu, Cizulu ndi Fanakalo; cacikuru ncakuti m'nyumba azimva cathu tsiku ndi tsiku. Patapita masabata awiri agogo ndi mdzukuru anali kumvana bwino lomwe, ndipo agogo ndiwo anabwerera ku mudzi ali kunena "awe".

Pa cakudya ndiye pali nkhondo ya masiku onse. A cipatala amati mwana ayamwe bere lokha miyezi 6, osampatsa ngakhale madzi, ndipo pambuyo pace ayambe phala ali kuyamwabe kufikira zaka ziwiri. Phalalo lisakhale lamadzi lija loti ukapendeka supuni lithawa. Likhale la mgaiwa, lothira nsinjiro, kapena dzira, kapena kapenta wosinja, kapena soya monga lija la Likuni. Zonsezi nzosabvuta kuzilemba. Kuzilowetsa m'kamwa mwa munthu amene watseka milomo natembenuzira nkhope ku khoma, imeneyo ndiyo nchito. Dzulo anatha mbale yonse; lero phala lomwelo, mbale yomweyo, alilabvula ngati muli tsabola. Ndipo abambo ambiri tsiku la malipiro ndiwo amaononga nchito ya mwezi wonse. Amafika dzuwa liri kulowa ndi maswiti, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera, mwana nakhuta zimenezo, ndipo nsima ikabwera aikana. Bambo akhala wabwino, mai amene ali kukakamiza ndiwo akhala wankhanza. Ngati mufuna kuti mwana azikuthamangirani pa khomo, nthoci kapena lalanje zimagwira nchito yomweyo, ndipo mumpatse atatha kudya.

Tsono tifike pa matenda, pakuti apa ndipo mitima imasweka. Mano amayamba kumera pa miyezi 6 kapena capafupi pamenepo, ndipo pofika zaka zitatu amakwana 20. Nthawi yonseyo ciri conse cimene cigwera mwana anthu amati ndi mano. Watsegula m'mimba, ndi mano. Thupi latentha, ndi mano. Zoona mano amamnyerenyetsa nkhama, amamturutsa malobvu, amamlanda tulo. Koma kutsegula m'mimba kumadza cifukwa pa msinkhu womwewo mwana wayamba kukwawa, ndipo ciri conse cimene wapeza pansi amaciyesa ndi pakamwa. Thupi likatentha, kuno kwathu tiyambe taganiza malungo. Kuyeza kwace ndi kadontho ka magazi a pa cala, ndipo yankho limaturuka lisanathe theka la ola. Liwombo likalowa, akuru ena amathamangira kumata mankhwala pamutu. Koma liwombo limalowa cifukwa madzi atha m'thupi, monga citsime cimatsikira dambo likauma, ndipo cimene mwana afuna ndi cakuti madzi alowe pakamwa. Paketi imodzi ya ORS, imene ku Malawi amaicha Thanzi, isungunulidwe m'lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa, mwana azimwa pang'ono pang'ono, bere osaleka, pamodzi ndi mapiritsi a zinki amene a cipatala amapereka a masiku 10 kapena 14. Koma mwana akakana kuyamwa ndi kumwa, akasanza ciri conse, akakomoka, akafooka osafuna kudzuka, kapena akapuma mofulumira nthiti ziri kulowa m'kati, musadikire kuti kuce, ndiponso musadikire kuti bambo aweruke.

Pali cina cimene cimatikhudza ife a ulendo koposa anthu ena. Mwana akayamba kuonda, tsitsi kufiira, mapazi kutupa, ku mudzi mau oyamba ndi akuti tsempho: atate wace ku mgodi uko sali kuyenda bwino, kapena amace asempha mwambo. Mlandu ukhala pansi, mafoni alira, banja ligwedezeka, ndipo masabata apita mwana asanaonane ndi dotolo. Ine sindiri pano kunyoza mwambo wa makolo, ndipo mwamuna wodzisunga ku ulendo sataya kanthu. Koma zizindikiro zimenezo a cipatala amazidziwa kuti ndi kuperewera kwa cakudya m'thupi, ndipo ali naco ciponde ca mankhwala cimene cimadzutsa ana otere. Mlandu ungathe kudikira mwezi wathunthu, koma mwana wotupa mapazi sangadikire. Yambani mwapita naye ku cipatala, za tsempho mukambe pobwera.

Cimene candicititsa kulemba zonsezi ndi cimene ndimaona pa zenera langa. Munthu afika, aima, azungulira mau: "Bambo Kalaliki, ndiri ndi kabvuto pang'ono ku nyumba." Ndimfunsa kuti bvuto lanji. "Ai, za ku nyumba basi." Ndikamkumba bwino ndipeza kuti mwana anagonekedwa m'cipatala dzana, ndipo mkazi ali komweko yekha, wina kumbuyo wina pa bedi. Munthu yemweyo, akadakhala kuti ali kupempha chuthi ca maliro a msuweni wa atsibweni ace, akadanena mokweza, mzere wonse nkumva. Koma kunena kuti ndifuna kukadwazika mwana acita nako manyazi, ngati wapezeka ali kutsuka miphika. Ena safika nkomwe pa zenera. Amangojomba, ndipo ine ndiyenera kulemba kuti sanabwere, tsiku nkudulidwa.

Tsono imvani za lamulo, pakuti masiku amenewa ngathu. Kuno ku Zambia lamulo la nchito la 2019 limapatsa munthu amene wagwira miyezi 6 masiku 7 pa caka, olipidwa, odwazika mkazi, mwana kapena wina amene amamsunga, malinga abweretse kalata ya dotolo. Pamwamba pa amenewo pali masiku 3 a zosamalira mwana, za umoyo wace kapena za sukulu. Mwana akabadwa, bambo amene wagwira caka cathunthu ali ndi masiku 5 a nchito otsatana, koma ayenera kuwatenga m'kati mwa masiku 7 mwanayo atabadwa, ndi kuonetsa pepala la kubadwa kwace. Ku Malawi lamulo la 2021 linapatsa bambo masabata awiri, kamodzi pa zaka zitatu. Ku Joni masiku 10 a bambo anayamba mu January 2020. Kuli konse kumene muli funsani kalaliki wanu kapena a yuniyoni, pakuti mapangano a pa migodi yina amaonjezera pa masiku a lamulo.

Masiku 5 ngocepa, ndibvomera. Nthawi zambiri amatha mcombo usanagwe, mwana asanaturuke m'cikuta. Koma ndaona anthu ali kuwatenga nakawathera ku mowa, ati ali kukondwerera mwana. Masiku amenewo ndi oti mutunge madzi, mucape matewera, muphikire wamkuru, kuti mkazi amene wangocira kumene agone. Amene aopa kuti anzace adzamseka pomuona ali kuyanika matewera ayanike kuseri kwa nyumba, dzuwa limafikako.

Kadi ya ku sikelo nayo muidziwe monga mudziwira pepala la malipiro. Ndafunsapo abambo pa zenera ngati mwana wao analandira katemera wa cikuku, ndipo yankho limakhala limodzi: "Adziwa ndi amace." Katemera amayamba pa kubadwa, nabweranso pa masabata 6, 10 ndi 14. Wa cikuku kuno ndi pa miyezi 9 ndi 18, ku Malawi pa miyezi 9 ndi 15, ku Joni pa miyezi 6 ndi 12. Ife ndife anthu osamukasamuka, ndipo mwana amene wayamba katemera ku Solwezi angathe kukatsiriza ku Mchinji. Cotero potumiza banja ku mudzi kadi ikhale m'cikwama comwe muli ziphaso, isatsale pansi pa matiresi.

Ndisaiwale pfumbi. Mwana akakuthamangirani muli kucokera ku nchito amakumbatira miyendo, ndipo nkhope yace imafika pa maondo peni peni, pamene pali pfumbi lonse la shifiti. Ku Kabwe mgodi wa mtobvu unatsekedwa mu 1994, koma mtobvu unatsala m'dothi la makomboni oyandikana nao, ndipo amene wawapweteka koposa ndi ana ang'ono, cifukwa iwo ndiwo amasewera pansi ndi kuyamwa zala. Mtobvu umaononga nzeru za mwana mwakacetecete. Migodi yathu si yonse ya mtobvu, komabe zobvala za nchito zitsale ku nyumba yosinthira, musambe komweko, ndipo zikabwera ku nyumba zisacapidwe m'beseni limodzi ndi matewera. Inunso amene mwakhala muli kutsokomola masabata awiri, kayezetseni cifuwa cacikuru. Mukapezeka naco nenani kuti m'nyumba muli ana osakwana zaka zisanu, pakuti alipo mankhwala owateteza asanadwale.

Ndakamba nthawi yaitali za ife amene tiri ndi ana pafupi, ndipo ndidziwa kuti ambiri a inu muli kuwerenga mutakhala pa bedi la m'hositelo, mumtima muli kuti, "Kalaliki uyu adandaula kuti mwana amamdzutsa; ine ndikadalipira ndarama kuti wanga andidzutse." Zoona zimenezo. Ana anu ali nao manja ambiri aja a ku mudzi, koma nkhope yanu alibe. Bvutoli si la lero. Masiku a Wenela ndi Teba, amene kwa anthu a ku Malawi anatha mu 1988, mwamuna ankacoka caka ndi theka kapena zaka ziwiri, ndipo nkhani za mwana zinkabwera pa kalata yolembedwa ndi mphunzitsi wa m'mudzi, itagona m'njira masabata. Ankasiya mimba, nadzapeza munthu woyenda ndi wolankhula. Mai anga amasimba kuti tsiku limene atate wao anabwera kucokera ku Joni, ndi sutukesi ndi wailesi, iwo anathawira kuseri kwa nkhokwe, nakana kuturuka kufikira mlendoyo atagona. Ena sanabwere konse, ndiwo aja ankawacha machona, ndipo ana ao anakula ali kudziwa atate pa cithunzi.

Lero tiri ndi foni, ndipo munthu ali ku Rustenburg amaona dzino loyamba tsiku lomwe lamera. Nzabwino zimenezo, koma foni nayo iri ndi zace. Mnzanga wina wa ku Petauke, woyendetsa cigalimoto ca miyala, amalankhula ndi kamwana kace pa WhatsApp madzulo ali onse osajomba. Atapita ku chuthi pa Krisimasi anayesa kuti kadzamthamangira. Kamwanako kanamyang'ana, kanagwira citenje ca amace, ndipo pamene anakauza kuti, "Si awa atate ako?" kanapukusa mutu, kanalowa m'nyumba, kanaturuka ndi foni, nikati, "Atate ali umu." Iye anatisimbira ali kuseka, ifenso tinaseka, koma pambuyo pace tonse tinangoti cete, ali yense ali kuyang'ana m'kapu mwace.

Cotero inu amene muli kukonzekera chuthi, mukafika musamtsomphole mwana m'manja mwa amace, ndipo akalira musanene kuti anthu amuuza zoipa za inu. Kuopa alendo kumayamba pa miyezi 8 kapena capafupi pamenepo, ndipo kumaonetsa kuti mutu wace uli kugwira nchito, wayamba kusiyanitsa nkhope. Khalani pansi pa mphasa kuti mucepe msinkhu, muziceza ndi amace ngati simuli kumuona, m'manja muli kanthu kolira monga makiyi. Adzabwera yekha, lero kapena mkuja. Musafikenso ndi mkwapulo kudzaongola m'masabata awiri zimene simunazione miyezi 11; amace ndi agogo ndiwo adziwa cimene amadya ndi nthawi imene amagona, afunseni. Ndipo tsiku lobwerera musazembe mbandakuca iye ali m'tulo. Mutsazikeni, ngakhale alire, kuti asayese kuti munthu akagona atate amasowa.

Mnzanga wa ku Petauke uja anakhala pa mphasa monga ndanenamu. Akuti tsiku lacitatu kamwana kanabwera kokha kudzamkhudza ndebvu, ndipo lacinai kanabvomera kudya nsima pa mwendo pace. Koma foni sikanaisiye ai. Kanaitsamiritsa ku mbale ya ndiwo, kuti atate enawo aoneko.